Mapiri Akafiira Mvula Isanagwe

Mphwanga amene amakhala ku America ananditumizira zithunzi m'mwezi wa Okutobala. Iye ndi ana ake anayenda pa galimoto maola ambiri kupita ku Vermont, kukaona masamba a mitengo basi. Kumeneko cisanu cikayandikira, mitengo ya maple imavala zofiira ndi zacikasu, ndipo anthu amadzaza misewu ndi nyumba za alendo kuti aone masambawo asanayoyoke. Pansi pa cithunzi cina analemba kuti zotere kwathu kulibe. Ndinamuyankha kuti waiwala msanga, mwana wobadwira m'tsinde mwa mapiri a Kafue.

Okondedwa awerengi, zimenezi kwathu ziliko, koma zimadza mosemphana. Ku Vermont tsamba limafiira pamene likufa. Kuno limafiira pamene likubadwa. Kumapeto kwa Ogasiti ndi m'masiku oyamba a Seputembala, dziko litauma gwa, udzu utapsa, mitengo ya m'nkhalango za miombo imataya masamba akale, ndipo pasanapite masiku ambiri mphukira zimatuluka. Mombo, mtondo, ndi mtengo uja anzathu a ku Zimbabwe amati msasa pamene Abemba amati muputu, yonse imayamba ndi masamba anthete, ena ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa wopukutidwa, ena otuwirako ngati nthenga za njiwa. Mitengo iwiri yoyandikana siifanana mtundu. Pakapita masabata awiri kapena atatu zonse zasanduka zobiriwira, ndipo wocedwa ayembekeze caka camawa.

Codabwitsa n'cakuti mvula imakhala idakali kutali, miyezi iwiri kapena kuposa. Mitengoyi ili ndi mizu yozama, ndipo imaphukira ndi madzi a pansi ndi cakudya cimene inasunga m'mizu ndi m'thunthu nyengo ya dzinja. Kufiirako ndi utoto umene akatswiri a zomera amaucha anthocyanin, ndipo ambiri a iwo amati umachinjiriza tsamba lanthete ku dzuwa la cilimwe kufikira litakhwima.

Wokhala m'Kafue safunikira ulendo wautali. Mukaoloka mlatho wa mtsinje wa Kafue kulowera kum'mwera, posacedwa mufika pa Turnpike pamene msewu ugawikana. Wa kudzanja lamanja ukwera mapiri a Munali kupita ku Mazabuka. Pamenepo pali mulu wa miyala wokumbutsa kuti David Livingstone anadutsa m'mapiriwa mu Disembala 1855 naona mtsinje wa Kafue. Ndi malo abwino opumirapo ndi kuyang'ana cigwa. Koma ine ndimakonda msewu wina uja wa ku Chirundu. Mukapitirira mphambano ya ku Kafue Gorge, msewu umayamba kukhotakhota potsikira ku Zambezi, ndipo pa gulaye iliyonse phiri lina limaonekera, lofiira kuyambira m'tsinde kufikira pamwamba. Nyamukani m'mamawa, cifukwa masana utsi wa moto wa m'chire umaphimba zonse. Ndipo musaime pa gulaye, ngakhale maso akopeke bwanji. Malole olemera amatsika msewu umenewu usana ndi usiku, ndipo phiri lina kumeneko silinachedwe Kapiringozi pacabe.

Mukatsika m'cigwa, kutentha kumakulandirani ndipo miombo imatha. Kumeneko ndi kwa tsanya ndi mlambe. Tsanya ndiye amacita monga mitengo ya mphwanga: masamba ake, ooneka ngati mapiko a gulugufe, amasanduka acikasu ndi ofiirira m'miyezi yozizira asanagwe. Motero pa tsiku limodzi mwana angaone tsamba lobadwa pamwamba ndi tsamba lakufa pansi. Pafupi ndi mphambano ya ku Siavonga pali Chirundu Fossil Forest, pamene mitengo yakalekale inasanduka miyala. Ndi malo otetezedwa ndi boma. Anawo akhudze, koma asaike kamwala m'thumba.

Tsopano ndinene cimene candilembetsa nkhaniyi. Ndili mnyamata kufiira kumeneku tinkakuona titaima pakhomo. Lero mapiri ambiri oyandikira tauni ameteka, ndipo caka ndi caka ndimaona kuti ndiyenera kupita patsogolo pang'ono ndisanapeze nkhalango yokwanira. M'mbali mwa msewu mwandandalika matumba a makala, amene m'tauni timati malasha, ndipo makala abwino, olemera, okhalitsa pa mbaula, ndi a mitengo yomweyi. Caka ca 2024 cinaonjeza bala. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo panali miyezi imene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu. Ife amene tikhala pafupi ndi makina a magetsi a ku Kafue Gorge tinaphikira pa mbaula monga wina aliyense.

Tsiku lina ndinaima kuti ndijambule phiri, ndipo bambo wina wogulitsa makala anandifunsa cimene ndikujambula. Nditamuuza anaseka, nati mtundu wa masamba sulipira sukulu. Sindinamutsutse, pakuti m'galimoto mwanga munali kale thumba limene ndinagula kwa mnzake. Wootcha sangaleke wogula alipo, ndipo wogulayo ndine.

Komabe miombo siifa msanga. Citsa ca mombo cikasiyidwa osazulidwa cimaphukanso, ndipo malo odulidwa amabwerera kukhala nkhalango, ngakhale kuti pamafunika zaka makumi. Cimene cimapha mphukirazo ndi moto wa mocedwa, wa mu Seputembala ndi Okutobala, umene umayaka ndi ukali udzu utaumitsitsa. Moto wa mu Meyi kapena Juni umangodutsa pansi. Nkhalango yomweyi ndiyo imatipatsa luzi, uci, masuku ndi bowa wa dzinja, ndipo zonsezi zimapita pamodzi ndi mitengo.

Caka cino ndalonjeza adzukulu anga kuti tidzapita Loweruka loyamba la Seputembala. Agogo awo aakazi anena kale kuti adzaphika mbatata ndi kufulula thobwa, ndipo mdzukulu wamkulu wapatsidwa nchito yojambula zithunzi zotumiza ku Vermont.