Chingerezi chili ndi eni ake, tisanamizane

Munthu akangodzutsa nkhani yoti aphungu aziloledwa kulankhula zilankhulo zathu m'Nyumba ya Malamulo, ophunzira a ku Area 10 ndi Area 43 amakhala ndi yankho lokonzeratu. Amati tisayambitse za mitundu, Chingerezi n'chopanda mwini, ndiye chimatigwirizanitsa. Bodzali lakhalitsa mpaka layamba kuoneka ngati nzeru. Kuti tilivule, tiyeni tiike pamodzi zilankhulo ziwiri zakutali, Esperanto ndi Quechua.

Chopanda mwini chenicheni ndi Esperanto. Anachipanga ndi dokotala wa maso, L. L. Zamenhof, yemwe anakulira ku Białystok, tauni imene Ayuda, Apolishi, Arasha ndi Ajeremani ankayang'anizana ndi diso lofiira. Kabuku kake kanatuluka ku Warsaw mu 1887 kali ndi malamulo 16 okha. Ankafuna kuti aliyense asunge chilankhulo cha makolo ake, koma akakumana ndi mlendo, onse awiri azivutika mofanana, pasakhale woyamba ali kale patsogolo. Mpaka lero palibe dziko limene linachitenga kukhala chilankhulo cha boma.

Quechua ndiye n'cha anthu enieni, pafupifupi 8 miliyoni, makamaka ku Peru, Bolivia ndi Ecuador. Mafumu a Inca anachifalitsa akulamulira ku Cusco. Ansembe a ku Spain anachitola n'kumalalikira nacho, moti buku la galamala yake linasindikizidwa kalekale mu 1560. Boma la Peru linachivomereza mu 1975, koma m'maofesi a ku Lima munalamulabe Chisipanishi. Mu 2006 aphungu awiri, Hilaria Supa ndi María Sumire, atalumbira mu Quechua, anzawo ena anawadzudzula. Kanema wa boma anayamba pulogalamu ya nkhani mu Quechua mu 2016, patatha zaka 41 chikhazikitsireni lamulo lija. M'zaka zonsezo makolo ambiri osamukira m'tauni anasiya kulankhula nacho kwa ana, poopa kuti angasekedwe kusukulu.

Tsono taonani chodabwitsa. Esperanto, chopanda mudzi ndi mfumu yomwe, chinalowa mu Google Translate mu 2012. Quechua chinadikira mpaka 2022. Pa Wikipedia, Esperanto chili ndi nkhani zoposa 300,000, pomwe Quechua sichifika ndi 30,000 zomwe. Chifukwa chake n'chapafupi: olankhula Esperanto ndi ochepa, koma ndi anthu ogwira cholembera, ndipo amachinyadira. Olankhula Quechua ndi ambiri, koma akaphunzira ambiri amachisiya kumudzi. Kuchuluka kwa pakamwa sikupulumutsa chilankhulo ngati mapepala, makhoti ndi ndalama zikulankhula china.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbiri ya Chichewa ikufanana kwambiri ndi ya Quechua. Nachonso chinafala ndi amishoni komanso mphamvu za boma. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party mu 1968 unachikweza kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa MBC mpaka 1994. Bala limenelo ndi lenileni, ndipo wolikana ndi wabodza. Koma pitani kudepoti ku Old Town m'mawa. Kondakitala akukuwa "Kawale, Biwi, Mchesi!", Myao wa ku Mangochi akutsatsa usipa, Mtumbuka wa ku Mzimba akunenerera mtengo wa chitenje mushopu ya mmwenye pa Malangalanga, mmwenyeyo akuyankha kuti "onjezerani pang'ono, amayi." Palibe wapolisi amene wawakakamiza. Kumeneko nkhani ya chilankhulo chokumanirana inatha kale.

Mukakwera mtunda kufika ku City Centre ndi Capital Hill, zonse zatembenuka. Fomu, bajeti, lamulo, chigamulo cha khoti, zonse m'Chingerezi. Gawo 51 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Mwana akalephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu bwanji. Mu 2014 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

Apa ndi pomwe kuyerekeza Chingerezi ndi Esperanto kumagwera. Zamenhof ankafuna kuti onse ayambire pamzere umodzi. Kodi mwana wa ku Area 47 ndi mwana wa ku Mtandire, omwe angosiyana ndi mpanda wa njerwa, amayambira pamzere umodzi? Mmodzi wamva Chingerezi kuchokera kumsana, mpaka mayi wantchito analangizidwa kuti "mwanayu musamamulankhule Chichewa, mumusokoneza." Winayo akukumana nacho koyamba m'kalasi yodzaza, atakhala pansi. Chingerezi sichikondera mtundu, n'zoona, koma chimakondera thumba. Eni ake alipo, ndipo ndi omwewo amene amatiuza kuti chilibe mwini.

Sindikuti tichitaye. Tikuchifuna pa malonda, pa sayansi ndi pochita zinthu ndi maiko ena. Sindikutinso tibwereze za 1968. Ndikuti gawo 51 lisinthidwe, kuti phungu azilankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chinkhonde, omasulira ali pompo. Nyumba ya Malamulo ya ku South Africa imatero. Ya ku Tanzania imakambirana m'Chiswahili, ndipo dziko silinagwe. MBC imaulutsa kale nkhani m'zilankhulo zimenezi, ndiye omasulira sitikawafuna kunja. Bajeti nayo izituluka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka tsiku lomwelo limene nduna yaiwerenga, kuti wogulitsa tomato mumsika waukulu adziwe chimene chakweza mtengo wa thiransipoti.

Ena adzati n'zodula. Zodula ndi kulipira phungu zaka zisanu kuti azingoombera m'manja chifukwa akuopa kuthyola Chingerezi pamaso pa makamera, pomwe pamsonkhano wa kwawo amalankhula mpaka anthu kuiwala nkhomaliro. Pa kampeni palibe amene amapempha voti m'Chingerezi. Amene anatipempha mavoti m'chilankhulo chathu atiyankhenso m'chilankhulo chomwecho akafika mu Nyumba imene timailipira ndi misonkho yathu.