Yunivesite yosabwerera kumudzi isatiuze za mbiri yake

Abale anga ndi aphunzitsi anzanga, lero ndilankhula zowawa. Amene zimukhudze andikhululukire, koma mawu sindibweza.

Zaka zinayi zapitazo kusukulu kwathu kunabwera acinyamata atatu ocokera ku yunivesite ina yakutali, dzina sindichula. Anali ndi kalata yodinda bwino, ati akufufuza za ensino bilingue. Tinawalandira ndi manja awiri. Anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga masabata awiri, akulemba ciliconse cimene ana ankanena. Madzulo ndinkawaperekeza kwa agogo ena a m'mudzi mwathu, odziwa nthano ndi zilapi. Agogo aja anawaphikira nsima ya nkhwani, nawakhuthulira zonse, foni ikujambula. Potsanzika anati, "Agogo, tikamaliza tidzabwera kudzakuwerengerani." Mpaka lero sitinawaonenso. Agogo aja tinawaika m'manda caka catha. Nchitoyo ndinaipeza ndekha pa intaneti, yonse m'Cipwitikizi, ndipo m'menemo agogo aja dzina lawo ndi "informante 3".

Ana aja sindiwada. Anacita zimene anaphunzitsidwa: katenge, kalembe, landira dipuloma. Mlandu uli ndi amene anawatuma.

Mayunivesite amanena okha kuti nchito zawo ndi zitatu: ensino, investigação ndi extensão, kutanthauza kuphunzitsa, kufufuza ndi kubwezera nzeru kwa anthu. Ziwiri zoyambazo amazisamala. Yacitatuyi kawirikawiri imathera tsiku limodzi: malaya osindikiza dzina la sukulu, mitengo khumi yobzala, matumba a mpunga kwa ana amasiye, kenaka zithunzi pa Facebook. Ati ndiyo responsabilidade social. Mpunga si woipa, koma mpunga angapereke ndi wa sitolo yemwe. Cimene yunivesite ili naco, wa sitolo alibe, ndi nzeru. Ndipo nzeru yoperekedwa m'cilankhulo cimene wolandira sakumva, imeneyo sinaperekedwe.

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti mwa anthu asanu alionse m'Moçambique muno, oyamwira Cipwitikizi sakwana ndi mmodzi yemwe. Ndime 9 ya Constituição ya 2004 imalamula boma kulemekeza ndi kukweza zilankhulo za dziko lino. Mayunivesite a boma amayendera misonkho ya anthu omwewa. Nanga mayi wolima mbatata ya kacewere ku Tsangano, ciwawu cikagwa m'munda mwake, akawerenge kuti zimene madotolo a zaulimi apeza? Nanga bambo wa ku Dómuè amene mbozi zikudya cimanga cake, amuuze ndani mlingo wa mankhwala m'mawu oti amve? Nzeru zili pafupi: ku Ulónguè kuli Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze, ku Tete kuli UniPúnguè. Cimene tikupempha kwa onse ndi mlatho wa cilankhulo.

Wina asanene kuti sizingatheke. Mu 1988 akatswiri a NELIMO, a ku Universidade Eduardo Mondlane, anasonkhanitsa anthu kuti agwirizane kalembedwe ka zilankhulo zathu. Ngakhale "c" amene mukumuona m'mawu oti Cinyanja pa tsamba lino ndi cipatso ca nchito imeneyo. Pambuyo pake kunabwera PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja kuno ku Tete ndi m'Cicangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. Ine ndikamva za akatswiri amene aja ndimavula cipewa. Sindinaonepo mndandanda wa ranking umene alipo. Ndimawalemekeza cifukwa mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi m'kalasi mwanga amalemba dzina la amayi ake molondola.

Ndikudziwa yankho la akuluakulu: mbiri ya yunivesite imayezedwa ndi zolemba za m'Cingerezi zimene anzawo akunja amawerenga. Lembani ndithu, sitikuletsani. Koma palinso mbiri ina imene imayezedwa ku cigayo, pa msika ndi pa maliro. Kumeneko ndi kumene kholo limaganiza ngati ligulitse ng'ombe kuti lilipire propina ya mwana. Kumeneko ndi kumene anthu amapangana kuti alendo a mapepala tiwalandire kapena ayi. Caka cino kunabwera gulu lina ndi mafunso a zaumoyo, amfumu athu anawabweza pa khomo pomwe. Anangoti, "Anzanu aja anabweza ciyani?" Ana osalakwa analipira ngongole ya anzawo. Kupatsa ndi kuika, akulu anatero, ndipo kumana nakonso ndi kuika.

Tsono a Reitor ndi madotolo athu, zopempha zanga ndi zitatu, ndipo sizidya ndalama zambiri. Coyamba, wophunzira aliyense amene wafufuza m'mudzi alembe masamba awiri a zimene wapeza m'cilankhulo ca mudziwo, akawerenge pa bwalo la amfumu asanalandire dipuloma. Caciwiri, pitani ku wailesi za m'madera kamodzi pa sabata, mukalankhule za mbewu, za matenda ndi za malamulo a malo m'Cinyanja, m'Cinyungwe ndi m'Cisena. Cacitatu, khalani nafe pansi ife aphunzitsi a makalasi oyambirira, tipange limodzi mawu a masamu ndi sayansi. Pakali pano aliyense akupeka yekha usiku pa nyali, sukulu iyi mawu ake, iyo mawu ake, ndipo wosokonezeka ndi mwana.

Mukacita zimenezi simudzafunanso zikwangwani zodzitamandira, anthu adzakuchulani okha. Ndipo inu atatu aja, ngati mawuwa akufikani, njira mukuidziwa. Agogo anapita, koma zidzukulu zawo zilipo, ndipo zimadziwa kuwerenga Cinyanja. Bweretsani nthano zija.