Musanatengere ana kutchire pa pikapu, funsani a matola

Abale anga a mumsika, masiku ano ena mwa inu mwagulako kapikapu kopikulira tomato ku Lizulu ndi mbatata ku Tsangano. Ndiye ena mwayamba kundifunsa kuti: "Aise, tikufuna kukagona kunja ndi ana, mu tenti, ngati azungu aja. Tidzere kuti?" Funsolo ndi labwino. Koma ndiyambe ndi manyazi anga.

Mu January chaka chatha ndinabwereka pikapu ya mlamu wanga, kunyamula akunyumba ndi khanda la miyezi 8, ulendo wa ku Cape Maclear. Titatsika phiri la ku Golomoti, foni inandionetsa kanjira kachidule. Ine n'kukhota. Sitinayende mtunda, galimoto inatitimira m'dambo mpaka matayala onse. Dzuwa likulowa, udzudzu wayamba nyimbo, mwana akulira. Akunyumba anangoti, "Bambo a mwana, foni yanuyo itikankhe tsono." Anatipulumutsa ndi abambo ena a ngolo, ng'ombe ziwiri n'kutikoka. Safunsa anadya phula, abale.

Ndiye mverani. Msewu wafumbi saudziwa ndi foni, amaudziwa ndi amene adutsamo dzulo. Inu muli ndi mwayi woposa azungu: anthuwo mumakhala nawo mumsika momwemo. Funsani amayi opikula usipa kunyanja, funsani oyendetsa matola. Muwafunse zitatu basi: kodi milatho ilipo yonse? Pali dambo kapena dothi la makande? Nanga galimoto yaing'ono yopanda 4x4 imadutsa? Akangoti "mwina", siyani.

Chachiwiri ndi nyengo. Kuyambira November mpaka April misewu yafumbi ndi phala. Ulendo wa ana ukhale pakati pa May ndi October.

Nanga koyambira? Sankhani malo amene phula limakufikitsani pafupi, fumbi likhale lapang'ono lomalizira. Senga Bay ndi choncho: kuchoka ku Salima ndi phula mpaka kunyanja, ndipo chipatala cha boma chili pa boma pomwepo. Phiri la Zomba nalonso, msewu wokwera ndi wa phula, pamwamba ndiye pali timisewu tafumbi. Kaoneni damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, koma tengani mabulangete chifukwa June ndi July kumazizira koopsa. Cape Maclear, m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, pitani ndithu, koma kudzera msewu waukulu wa ku Monkey Bay, osati zanga zija.

Zoti mukakwere Gorodi, msewu wa makhota pafupifupi 20 wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena kuguguda fumbi maola ambiri kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda pa Nyika, dikirani ana ayambe akula. Mwana wa zaka ziwiri sasangalala ndi mapiri, amangosanza.

M'galimotomo musasowe tayala la sipeya lopopa bwino, jeki, khasu, chingwe cholimba, madzi akumwa okwanira ndi neti ya udzudzu. Mukalowa pamchenga, phwetsani matayala pang'ono kuti asamire. Ana akhale kutsogolo, osati kumbuyo pamwamba pa matumba ngati kabichi. Fikani dzuwa lisanalowe, ndipo gonani pamalo olipira omangapo tenti, pomwe pali alonda. Kunyanja, ana asasewere m'madzi odikha a m'mabango: muli likodzo, penanso ng'ona.

Ndikudziwa, ena muti munthu wosiya benchi lake masiku awiri n'kumakagona pansi dala wapenga. Mwina. Koma ana athu akubadwira m'tauni, nyanja akungoionera pa TV. Atengeni akaione. Chachikulu mubwere nawo onse ali bwino, ndipo Lolemba m'mawa pikapu ikapezeke ku Lizulu.

Tionana sabata yamawa.