Ku Valencia amawotcha thukuta la chaka chonse

Ikakwana 2 koloko masana, tsiku lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 19 Malichi, bwalo la kutsogolo kwa khonsolo ya mzinda wa Valencia limadzaza mosowa poponda. Khamu lonselo silibwera kudzaona kanthu, pakuti makombola a masana alibe kuwala koti n'kukopa maso. Limabwerera phokoso. Mtsikana wosankhidwa kukhala mfumukazi ya chikondwererochi, Fallera Mayor, amaima pakhonde la m'mwamba n'kupereka chilolezo kwa katswiri wa makombola. Kenaka kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono mabingu amatsatizana mwadongosolo, kuyamba mwaulemu, kumakula, kumakula, mpaka kumapeto nthaka imanjenjemera, utsi n'kuphimba nyumba, phokoso n'kumamveka m'chifuwa osati m'makutu. Eni mzinda amalangiza mlendo kuti ayasamule kukamwa m'malo motseka makutu. Mwambowu amautcha mascletà, ndipo ndi kalambulabwalo chabe.

Valencia ndi mzinda wachitatu kukula ku Spain, uli m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kwawo kwa mpunga wa paella. Zikondwerero kumeneko n'zosasowa. Asodzi a ku Cabanyal ali ndi Sabata Loyera lawolawo, mu Juni anthu amakoleza moto pamchenga usiku wa Yohane Woyera, mu Julayi amagendana ndi maluwa, pa 9 Okutobala amakumbukira mfumu Jaime I imene inalowa mumzindawu mu 1238. Zonsezo ndi ana. Kholo lake ndi Las Fallas.

Usiku wa pa 15 Malichi misewu imatsekedwa ndipo makina onyamula zolemera amagwira ntchito mpaka mbandakucha. Kukacha, pamphambano iliyonse pamakhala pataima chimulu cha zidole zopentedwa mwaluso, zina zotalika kuposa mamita 20, kuyang'anizana ndi mawindo a nyumba zosanjikizana. Magulu a m'madera, omwe alipo pafupifupi 400, amaimika ziwiri gulu lililonse: chachikulu ndi china chaching'ono cha ana. Zodula kwambiri zimadya mayuro oposa 200,000 chimodzi. Zimaima masiku anayi okha. Usiku wa pa 19, tsiku la Yosefe Woyera, amazikulunga ndi chingwe cha makombola n'kuziyatsa, kuyambira za ana, kumalizira cha pabwalo la khonsolo. Ozimitsa moto amakhalapo, koma osati kudzazimitsa. Ntchito yawo ndi kuthira madzi makoma ndi mitengo yoyandikana kuti moto udye chake chokha.

Munthu wolera ana akamva mtengowo amagwira pakamwa, ndipo sindimudzudzula. Kuwotcha dala chinthu chimene mmisiri wachisema chaka chathunthu kumamveka ngati misala ya anthu okhuta. Koma ndikaunguza kumene ndalamazo zimapita, sindipeza kuti zapsa. Zimakhala zitalowa kale m'thumba la wojambula, wosema, kalipentala, wopenta, wosoka zovala za silika, woimba lipenga m'bandi ndi mayi wokazinga mandasi a maungu pakona ya msewu. Ku Benicalap kuli dera lonse la mashedi a amisiri a zidolezi. Chikanakhala choti zidole zimasungidwa, ntchito ya anthu amenewa ikanatha pakangopita chaka chimodzi. Moto ndiye bwana wawo, ndipo sachotsa munthu ntchito.

Chachiwiri chimene sichipsa ndi gulu lenilenilo. Lililonse lili ndi nyumba yake yokumaniramo, casal, mmene anthu a msewu umodzi amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kugulitsa matikiti a lotale, kudyera limodzi ndi kukangana za mutu wa chaka chamawa. Mwana amalembetsedwa ali khanda, agogo ake ali momwemo. M'mizinda ikuluikulu, mmene munthu amatha zaka khumi osadziwa dzina la wokhala khomo loyandikana, chinthu chokakamiza anansi kukumana sabata ndi sabata si chamasewera. Bungwe la UNESCO litaika Las Fallas pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2016, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu, silinalemekeze phulusa ayi, koma luso ndi mgwirizano umene umabala phulusalo.

Nkhani yofala kumeneko imati mwambowu unayamba ndi akalipentala, amene Yosefe ndi nkhoswe yawo. Nyengo yozizira ikatha ankatulutsa mitengo imene ankapachikapo nyali pogwira ntchito usiku, n'kuiwotcha pamodzi ndi zinyalala za mushedi. Wina anaganiza zoveka mtengo nsanza ndi chipewa kuti ufanane ndi mnansi wovuta, basi chipongwe chinabadwa. Ndipo chipongwe chimenechi ndiye mtima wa chikondwererochi. Nduna, mafumu, abusa, akatswiri a mpira, onse amaumbidwa ndi mphuno zazitali ndi mimba zotupa, pambali pali timapepala ta mawu onyodola m'chilankhulo cha ku Valencia. Mu ulamuliro wankhanza wa Franco ku Spain boma linkayamba laona zojambula zisanaumbidwe, umboni woti olamulira amadziwa kuti chidole chimaluma.

Kuluma kwake kunaoneka bwino mu 2025. Pa 29 Okutobala 2024 madzi osefukira anakokolola matauni a kummwera kwa mzindawu n'kupha anthu oposa 220. Uthenga wochenjeza pa foni unafika nthawi itapitirira 8 koloko usiku, madzi atalowa kale m'nyumba, pamene mtsogoleri wa chigawocho, Carlos Mazón, anali atatha maola ambiri masanawo pa nkhomaliro. Malichi wotsatira nkhope yake inali m'misewu pakati pa zidole, ndipo pa 19 inapsa pamodzi ndi zinzake. Sindinganene kuti chidole ndicho chinamuchotsa pampando, pakuti analengeza zotula pansi udindo mu Novembala 2025 patachitika zionetsero zambiri ndi kulira kwa ofedwa. Koma anthu amene anachotsa matope ndi fosholo m'nyumba zawo anapeza malo oonetsera mkwiyo wawo poyera, bandi ikuimba, popanda womangidwa.

Pakati pa phokoso lonseli pali masiku awiri a misozi. Pa 17 ndi 18 Malichi magulu onse amaguba kupita ku Plaza de la Virgen, akazi atavala madiresi olemera a silika, tsitsi litapotedwa m'mbali mwa makutu ndi kubayidwa zipeso zonyezimira, aliyense atanyamula mtolo wa maluwa. Pabwalopo pamaima chimango chachitali chamatabwa chokhala ndi mutu wa Maria, amene iwo amamutcha mayi wa osiyidwa. Anthu okwera pachimangocho amaponyerana mitolo, wapansi kwa wapakati, wapakati kwa wapamwamba, n'kumaisomeka m'mipata mpaka chovala chonse cha maluwa ofiira ndi oyera chitakwanira. Ambiri mwa oguba amatuluka pabwalopo akupukuta m'maso.

Pali ziwiri zimene sindigwirizana nazo. Choyamba ndi utsi. Kale zidole zinkapangidwa ndi matabwa ndi mapepala omata, koma masiku ano zambiri n'za pulasitiki wopepuka woyera uja amatchinjirizira katundu m'makatoni, chifukwa savuta kusema ndipo salemera. Akapsa amatulutsa utsi wakuda bii umene ana omwewo ovala silika amapuma. Amisiri ena ayamba kubwerera ku matabwa ndi kuyesa mapesi a mpunga, koma liwiro lake ndi la kamba.

Chachiwiri n'chaching'ono koma chimandisowetsa mtendere. Kuyambira mu 1934, anthu amavota kuti chidole chimodzi (masiku ano pamodzi ndi china cha ana) chikhululukidwe, chisapse, ndipo chimakasungidwa ku Museo Fallero. Kawirikawiri chopambana chimakhala chokoma mtima: agogo akusewera ndi mdzukulu, mmisiri wokalamba ali pantchito yake, banja lili pachakudya. Nduna yakuba, wansembe wadyera ndi mtsogoleri wogona pa ntchito onse amapita kumoto. Ovota amasankha ndi chifundo, ndipo palibe mlandu pamenepo. Koma mdzukulu amene adzalowe m'nyumba yosungiramo zidoleyo zaka 50 zikubwerazi adzaganiza kuti makolo ake ankangoumba agogo omwetulira. Ndikanakhala ndi voti, ndikanapulumutsa chidole cha Mazón.