Kobiri lobooka la agogo

Sabata yachiwiri ya teremu ino, mnyamata wina wa Fomu 3 ananditsatira mpaka ku ofesi atafumbata kansanza komanga mfundo. Atamasula, munali kobiri lakuda lobooka pakati, la njovu ziwiri, lolembedwa Rhodesia and Nyasaland, 1957.

"Aphunzitsi, agogo akuti za fizi tisadandaule. Pali bambo wina amafika pa msika wa Golomoti, akuti ndalama ngati iyi ku Joni ikugulidwa mamiliyoni."

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanagulitse. Akuti bamboyo akufuna kaye K20,000 yoti akaliyezetse pa makina. Apo mutu unandiwawa.

Abale anga, chinthu sichikwera mtengo chifukwa choti ndi chakale. Zikadatero, mphika wa agogo anu bwenzi uli ku banki. Ogula zinthu zakale amafunsa mafunso awiri: zotere zatsala zingati, nanga ndani wawerenga? Makobiri a nthawi ya chitaganya, chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ankasulidwa mamiliyonimamiliyoni kuti akwane maiko atatu. Kuchokera ku Mtakataka kukafika ku Mua, nyumba zambiri zili nalo m'chitini cha mabatani. Ine ndemwe ndili nawo awiri, ndipo limodzi amayi adalimangirira ku kiyi wa sutikesi.

Tinatsegula foni limodzi kuti aone yekha. Ndinamuonetsa nkhani ya gemu ya Super Mario 64, yomwe kampani ya Nintendo idatulutsa mu 1996. Makatiriji ake adagulitsidwa oposa 11 miliyoni, ndiye gemuyo payokha si yosowa ayi. Koma mu July 2021 imodzi idagulidwa madola 1.56 miliyoni pa okushoni ku America. Chifukwa chake? Inali isanatsegulidwepo, pulasitiki yake ili gwa ngati yachokera kufakitale dzulo, ndipo oyesa adaipatsa 9.8 pa 10. Mwana aliyense akalandira gemu amang'amba bokosi tsiku lomwelo, choncho zosatsegula ndi zochepa. Anthu adagula bokosi losang'ambika, osati gemu.

Komabe pomwe pandisangalatsa ine ndi apa. Nthawi imeneyo ogula sankadziwa bwinobwino kuti mabokosi otere alipo angati. Mtengo utamveka, anthu adayamba kufukula m'makabati, oyesa nawo adayamba kufalitsa ziwerengero za magemu omwe adawayesa, ndipo m'zaka zotsatira mitengo ya magemu ambiri idatsika kwambiri. N'chimodzimodzi tomato pa Golomoti: mmawa dengu likakhala limodzi wogulitsa amanyada, koma lole ikangotsitsa katundu kuchokera kumtunda, mawu ake amafewa.

Chosowadi chimadziwika ndi nambala. Pali sitampa ya ku British Guiana ya 1856 imene padziko lonse ikudziwika imodzi yokha, ndipo mu 2021 idagulidwa madola 8.3 miliyoni. Imodzi, osati "zochepa". Wina akadzapeza yachiwiri m'sutikesi, mwini wa yoyambayo sadzagona tulo.

Mnyamata uja anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye bambo aja akufuna chiyani?" Ndinamuyankha kuti awerengere yekha: mabanja makumi awiri, lililonse K20,000. Masamu amakhoza bwino, sanachedwe.

Chovuta chinali kukauza agogo. Ndinapalasa njinga Loweruka kukawaona. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma nkhani yanga sinawakomere. Anati kobirilo adawapatsa ndi malemu amuna awo atabwera ku Wenela, ndipo akhala akulisunga zaka zonsezi podziwa kuti tsiku lina lidzathandiza. Ndinawauza kuti, "Agogo, lisungeni ndithu, koma K20,000 ija musapereke." Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Lolemba mnyamatayo anabwera ndi risiti ya theka la fizi. Agogo agulitsa mbuzi. Kobiri lija akuti alibwezera m'kansanza kake, ndipo Lachisanu lapitali bambo uja sanaoneke pa msika.