Pempho kwa Amalawi onse: agogo otsala m'midzi asaphedwe

Maliro ochokera ku Joni akangofika m'mudzi, bokosi lisanatsitsidwe n'komwe pa galimoto, manong'onong'o amakhala atayamba kale: "Wamudya mwanayu ndani?" Maso onse amapita kukhonde kwa gogo wina yemwe wakhala yekha, mpango kumutu, ndodo pambali. Gulu la mbadwa zokhudzidwa lomwe lalemba pempholi likuti zimenezi zafika posauzana.

Dziko silinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi adaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Silinaiwalenso kanema wa ku Mzimba wa mu Disembala 2022, woonetsa amayi okalamba akuzunzidwa pamanda, khwimbi la anthu likungoonerera, ena akujambula pa foni.

Kalembera wa 2018 adapeza Amalawi oposa 17.5 miliyoni, pomwe mu 1966 adali pafupifupi 4 miliyoni. Theka la Amalawi sanakwane zaka 18. Minda yachepa, ntchito kulibe, choncho achinyamata a ku Mzimba, Mangochi ndi Nkhata Bay akukhamukira ku South Africa, m'njira yomwe agogo awo aamuna adadutsa nthawi ya Wenela. Otsala kumudzi ndi ana aang'ono ndi okalamba. Gogo ndiye amaphikira zidzukulu phala, kuzitengera kusikelo ndi kulima munda wa mwana amene adachona. Zinthu zikavuta, yemweyo ndiye mfiti.

Pali mawu amene gululi lauzidwa kangapo ndipo amapweteka: "Mukuikira kumbuyo afiti chifukwa simunaferedwe." Amene alemba pempholi adaikapo ana awo m'manda, ena adasonkha ndalama zobweretsera mtembo wa m'bale kuchokera ku Johannesburg. Chisoni amachidziwa. Koma mnyamata wogona m'chisakasa chothithikana, wodwala TB n'kumaopa kupita kuchipatala poti alibe mapepala, wamwalira ndi chinthu chodziwika. Anthu oposa 70 omwe adapsa m'nyumba ina ku Marshalltown, mumzinda wa Johannesburg, mu Ogasiti 2023, Amalawi ali m'gulumo, adaphedwa ndi moto. Nanga gogo wa ku Euthini yemwe ngakhale pa Mzuzu sadafikepo walakwa chiyani? Amati amayankhula yekha, amasochera usiku, nthawi zina amavomera yekha kuti amatamba. Achipatala amadziwa kuti ukalamba umabwera ndi matenda oiwalaiwala, ndipo munthu wozingidwa ndi anyamata onyamula zikwanje angavomere chilichonse. N'chifukwa chiyani mfitiyo nthawi zonse imakhala wamasiye wosauka yemwe munda wake abale akuusirira? Bwanji sakhala mwini golosale yemwe ali ndi ana apolisi? Oneneza anzawo ayankhe mafunso amenewa pamaso pa mfumu ndi pa Mulungu wawo.

Vutoli si la Malawi yekha; ku Gambaga, kumpoto kwa Ghana, kuli mudzi wa amayi othawa kunenezedwa ufiti. Koma maiko ena a mu Africa adaona kale kuti okalamba akuchuluka ndipo adakonzeka. Botswana idayamba kupereka penshoni ya ukalamba mu 1996, Lesotho mu 2004 ndipo Zanzibar mu 2016. Gogo wolandira kangachepe mwezi ndi mwezi sakhala mtolo pabanja. Kuno Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja osankhidwa okha. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma m'midzi yambiri anthu sanalimve n'komwe. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Gululi likupempha mafumu kuti asalole sing'anga woombeza afiti kulowa m'mudzi, ndipo mphekesera zikayamba pamaliro adziwitse apolisi mwambo usanathe. Abusa ndi mashehe atchule nkhaniyi poyera polalikira. Ana omwe ali kunja aziimbira foni makolo awo ndi kuwatumizira thandizo m'manja mwawo. Ndipo aliyense womva gogo akunenezedwa amubise m'nyumba mwake kufikira apolisi atabwera.