Khanda likamachita thukuta poyamwa, musathamangire kunena za tsempho

Makolo anzanga ochokera ku Malawi amene tikukhala kuno ku Temeke, kaya ndi ku Mbagala, ku Tandika kapena ku Yombo, ndikukupemphani kuti muziyang'anitsitsa mmene khanda lanu likuyamwira.

Mwana wabwinobwino akagwira bere amayamwa mpaka kukhuta, kenako n'kugona. Koma alipo wina amene amangoyamwa pang'ono n'kulisiya, akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu pachipumi ngati wachokera kumunda. Akalira, milomo ndi lilime zimada ngati wadya jambula. Kusikelo kulemera kwake sikukwera. Zikatere ambirife timathamangira kunena kuti mwana amutsempha. Bambo amalozedwa chala, agogo kumudzi amatumiza mizu pa basi, miyezi n'kumapita. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa nthawi zina chomwe chavuta ndi mtima, ndipo palibe amene analakwa.

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima. Anzathu kuno m'Chiswahili amati tundu kwenye moyo, kutanthauza bowo pamtima. Kwa ena ndi mtsempha wopanikizika, kwa ena ndi kanjira ka magazi komwe mwana ankagwiritsa ntchito ali m'mimba, koyenera kutsekeka m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, koma katsala kotsekuka.

Mavutowa amawapeza ndi chipangizo chounikira mtima chomwe amachitchula kuti echo, ndipo n'chofanana ndi chomwe anakuunikirani nacho muli oyembekezera. Palibe jakisoni, palibe kucheka. Dokotala amapaka timankhwala toterera pachifuwa cha mwana n'kuyendetsapo kachipangizo kotumiza mafunde a phokoso losamveka m'makutu. Kamtima kongofanana ndi chibakera cha mwini wake, kogunda ka 120 mpaka 160 pa mphindi, kamaonekera pa kompyuta kakuphiriphitha. Amaimitsa chithunzi, n'kuyeza m'mamilimita kukula kwa zipinda zinayi za mtima ndi kuchindikala kwa makoma ake. Kompyutayo imawerengera kuchuluka kwa magazi omwe mtima ukupopa, ndipo mitundu yofiira ndi yabuluu imaonetsa komwe magazi akulowera. Ngati akudutsa pomwe sayenera kudutsa, zimaoneka ndithu. Mayi amakhala pomwepo, atagwira kadzanja ka mwana wake.

Yambirani kuchipatala chomwe mumapita kusikelo. Fotokozani zonse zomwe mwaona, ndipo pemphani kalata yomwe amati rufaa. Chipatala chachikulu cha Temeke chilipo, ndipo ovutika kwambiri amawatumiza ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Muhimbili. Kale ana ambiri otere ankawatumiza ku India, koma masiku ano maopaleshoni ambiri akuchitikira mumzinda mom'muno. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula. Lalikulu likasiyidwa, limawononga mitsempha ya m'mapapo mpaka kufika poti opaleshoni singathekenso.

Ndikudziwa kuti ena Chiswahili chimativuta, ndiponso ndalama n'zosowa. Tengani mnansi wokumasulirani. Inu abambo, musasiyire mayi yekha ulendowu, kwerani naye daladala.

Usiku uno mwana akagona phee, muvundukuleni pachifuwa ndipo muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Mukapeza kuti akupuma koposa ka 60, werengani kachiwiri. Zikakhala chimodzimodzi, kapena milomo ikada, chonde musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala.